Mtsutso: Kodi Wiketikipa Ayesedwe ndi Avareji ya Omenya Onse?

Mutu wa mtsutso

Mutu umene tikambirane ndi uwu: pofuna kudziwa ngati wiketikipa akuyenera malo ake m'timu ya kiriketi, marani ake aziyerekezedwa ndi avareji ya omenya onse a mu ligi, ndipo ntchito ya magolovesi isamuchepetsere muyeso.

Kwa amene sanazolowere masewerowa, tiyambe ndi kufotokoza. Timu ya kiriketi imakhala ndi anthu 11. Timu imodzi ikamamenya mpira, inayo imaponya ndi kutchinga, kenako amasinthana. Mapointi ake amatchedwa marani. Kumbuyo kwa womenya kumazikidwa timitengo titatu, ndipo kumbuyo kwa timitengoto kumanyonyomala wiketikipa, munthu yekhayo pa otchinga onse amene amaloledwa kuvala magolovesi. Iye amawakha mpira umene womenya waphonya kapena waukhudza ndi m'mphepete mwa bati, ndiponso amagwetsa timitengo womenya akachoka pa mzere wake. Ikafika nthawi yoti timu yake imenye, nayenso amanyamula bati ngati wina aliyense. Avareji ya womenya imapezeka pogawa marani ake onse ndi nambala ya maulendo amene watulutsidwa.

Funso lomweli limavutitsanso anthu a baseball ku America. Kumeneko wonyonyomala kumbuyo kwa womenya amatchedwa catcher, ndipo owerengera masewero anakonza muyeso wotchedwa OPS+ umene umaika womenya wapakatikati wa ligi pa 100. Wodutsa 100 akuposa ligi, wochepera 100 akutsalira. Ma catcher ambiri amapezeka pansi pa 100, komabe matimu amawasunga zaka ndi zaka. Baseball iliponso ku South Africa, moti Gift Ngoepe anafika nayo mu ligi yaikulu ya ku America mu 2017, koma kuno ku Durban mkangano woterewu umapsa pa kiriketi, ndipo unachitikapo poyera pa bwalo la Kingsmead.

Mu Disembala 2004 timu ya England inali pa ulendo ku South Africa. Mark Boucher, amene anali atagwira ntchito ya wiketikipa wa dzikoli kwa zaka zingapo, anali atachotsedwa, ndipo magolovesi anali ndi Thami Tsolekile. England itapambana Test yoyamba (Test ndi masewero a masiku asanu) ku Port Elizabeth, osankha timu anamusiya Tsolekile, napereka magolovesi kwa AB de Villiers, mnyamata wa zaka 20 amene ankamudalira makamaka pa bati. Pa tsiku lomaliza la Test yachiwiri ku Kingsmead, South Africa ili pafupi kugonja, de Villiers anamenya marani 52 osatuluka mpaka kuwala kunachepa, masewero n'kutha popanda wopambana. Koma ulendo wa England usanathe, osankha omwewo anamuitananso Boucher. Mbali zonse ziwiri za mtsutso uno zingathe kuloza mwezi umenewo n'kunena kuti ndi umboni wawo.

Mbali yovomereza

1. Rani ndi rani, kaya wamenya ndani. Bolodi yolemba marani siifunsa ngati womenyayo anaswera kumbuyo kwa timitengo. Pa anthu 11 a m'timu, khumi akatuluka ndiye kuti ulendo womenya watha, ndipo anayi mwa iwo kawirikawiri amakhala oponya amene bati siiwayanja kwenikweni. Wiketikipa akakhalanso wofooka pa bati, timu imatsala ndi omenya asanu ndi mmodzi basi. Australia inaonetsa mtengo wa nkhaniyi. Ian Healy, katswiri wa magolovesi, anasewera ma Test 119 ndi avareji ya 27.39. Adam Gilchrist, amene analowa m'malo mwake mu 1999, anasewera ma Test 96 ndi avareji ya 47.60. Kusiyanako ndi marani 20 pa ulendo uliwonse, kapena kuti pafupifupi 40 pa Test imodzi, pamene alipo ma Test ochuluka ndithu amene anagamulidwa ndi marani ochepera pamenepo. A South Africa anazilawa okha mu Febuluwale 2002 ku Wanderers, pamene Gilchrist, akulowa wachisanu ndi chiwiri, anawamenya 204 osatuluka. Timu imene ikulimbana ndi adani otere siingayese wiketikipa wake ndi muyeso wachifundo.

2. Nambala ikakhala yokha siuza munthu kanthu. Bwalo la Kingsmead lomweli ndi mboni. Mu Malichi 1939 England ndi South Africa anasewera pamenepa Test yopanda malire a masiku. Marani onse pamodzi anafika 1,981, ndipo masewerowo analekezedwa England ili pa 654, itatsala ndi 42 kuti ipambane, chifukwa alendowo anayenera kukakwera sitima ya pamadzi ku Cape Town. Pa bwalo lomwelo, mu Disembala 1996, timu yonse ya India inatuluka ndi marani 66. Mu Novembala 2024 Sri Lanka inatuluka ndi 42, Marco Jansen yekha atatulutsa anthu 7. Marani 30 pa tsiku limene timu yonse yapeza 42 ndi chuma, koma marani 30 omwewo pa tsiku la 654 ndi kulephera. Chimene chimaika nambala pa malo ake ndi avareji ya ligi ya nyengo yomweyo, popeza onse amakhala atamenya pa mabwalo ofanana, atakumana ndi oponya omwewo, ndiponso mpira wa mtundu umodzi. Wokana muyeso umenewu amatsala ndi nambala imene sangathe kuiwerenga.

3. Kuyerekeza mawiketikipa okhaokha kumatsitsa mlingo. Timu iliyonse imaseweretsa wiketikipa mmodzi. Mu ligi ya SA20 ya ku South Africa muli matimu 6, choncho kumuyesa ndi anzake a magolovesi ndi kumuyesa ndi anthu asanu basi. Awiri mwa iwo zikangowavuta chaka chimenecho, avareji ya kaguluko imagwa, wofooka n'kuoneka ngati katswiri. Choipa kwambiri n'chakuti mlingo wotsikawo umalowa m'mitu mwa ana. Mwana wa magolovesi akakula akumva kuti marani 25 amukwanira, sadzivutitsa pa maneti. Komatu mbiri ikuonetsa kuti magolovesi saletsa munthu kumenya. Les Ames wa England, amene anasewera nawo Test ija ya 1939, anamaliza ndi avareji ya 40.56. Denis Lindsay wa South Africa anamenya Australia marani 606 mu 1966–67, kuphatikizapo 137 pa Kingsmead. Andy Flower wa Zimbabwe anamaliza ndi 51.54, ndipo mu 2001 ku Harare anamenya South Africa 142 ndi 199 osatuluka mu Test imodzi. Quinton de Kock anasiya ma Test mu Disembala 2021 ali ndi 38.82. Ngati awa anatha, enawo asamabisale kumbuyo kwa magolovesi.

4. Kiriketi imene ikudyetsa osewera lero ndi yaifupi. M'masewero a T20 timu iliyonse imaponya mipira 120 yokha, ndipo yambiri imamenyedwa isanafike kwa wiketikipa. Mipata yowakha imachepa, pamene mpira uliwonse umene womenya wauwononga umaoneka. Ligi ya SA20 inayamba mu Januwale 2023, ndipo m'chaka chake chachiwiri timu ya Durban's Super Giants inali ndi Quinton de Kock, Heinrich Klaasen ndi Matthew Breetzke, onse odziwa ntchito ya magolovesi. Magolovesi ndi a munthu mmodzi, koma enawo sanakhale pa benchi, chifukwa chimene eni timu analipirira chinali bati. Chaka chimenecho, 2024, timuyo inafika mu fainolo, ndipo Klaasen anasankhidwa kukhala wosewera wabwino koposa mu ligi yonse. Ndalama za makontirakiti zikutsata marani ndi liwiro lowapezera. Kuuza mnyamata wa zaka 16 kuti manja ake okha adzamupezera ntchito ndi kumunamiza, ndipo bodzalo adzalilipira yekha.

5. Muyeso wowerengeka umateteza wosewera ku tsankho. Mawu akuti uyu ali ndi manja abwino, kapena kuti amalimbikitsa oponya, ndi ovuta kuwatsimikiza ndiponso ovuta kuwatsutsa. Kochi wofuna kusunga mnzake akhoza kubisala m'mawu amenewo zaka zambiri. South Africa ndi dziko limene kwa nthawi yaitali khungu ndilo linkasankha timu, mpaka linatsekeredwa kunja kwa kiriketi ya mayiko kuyambira 1970 kufika 1991. M'dziko la mbiri yotere, nambala imene aliyense angaiwerenge m'nyuzipepala ndi chishango cha wosewera wopanda womuyankhulira. Ngati avareji ya ligi ndi yodziwika ndipo iye waidutsa, osankha timu ayenera kufotokoza chifukwa chimene amusiyira. Muyeso umodzi wa onse ndi wosavuta kuumva, wosavuta kuutsatira, ndipo supereka mpata wosintha malamulo poyang'ana nkhope.

Mbali yotsutsa

1. Katundu amene wiketikipa amasenza omenya ena samusenza. Pa tsiku limodzi la Test pamayenera kuponyedwa maova 90, ova iliyonse ya mipira isanu ndi umodzi. Ndiye kuti wiketikipa amanyonyomala ndi kudzuka ka 540, maso ali pa mpira, m'chinyezi ndi kutentha kwa Durban mu Disembala. Mnzake wotchinga kutali amatha kuima ola lathunthu mpira osamufika. Ikafika nthawi yomenya, wina amalowa ndi miyendo yopuma, wina mawondo, msana ndi zala zikuwawa. Ziwerengero za anthu amene anagwirapo ntchito zonse ziwiri zikuonetsa mtengo wake. Kumar Sangakkara wa Sri Lanka anali ndi avareji ya 40 m'ma Test 48 amene anavala magolovesi, koma m'ma Test 86 amene sanawavale inafika pafupifupi 67. Alec Stewart wa England anali ndi pafupifupi 35 ali ndi magolovesi, ndi pafupifupi 47 alibe. Munthu ndi yemweyo, luso ndi lomwelo, koma akuluakulu ananena kale kuti mapanga awiri avumbwitsa. Ngozi nayo ilipo. Boucher anasiya masewero mu Julaye 2012 ku Taunton, kamtengo ka pamwamba pa timitengo katamulasa m'diso. Kuyesa munthu wotere ndi avareji ya anthu opanda katunduyo si kufanana, ndi kumulanga chifukwa cha ntchito imene timu inamutuma.

2. Avareji imawerenga theka la ntchito. Wiketikipa akagwetsa mpira umene ukanatulutsa womenya, marani onse otsatira amalembedwa pa dzina la womenyayo ndi la oponya, koma pa dzina la wogwetsayo sipalembedwa kanthu. Mu Juni 1994 ku Edgbaston, Brian Lara akusewerera Warwickshire, ali ndi marani 18, wiketikipa wa timu ya Durham anagwetsa mpira wotere. Lara anamaliza ndi 501 osatuluka. Marani 483 owonjezerawo sanakhudze avareji ya amene anagwetsa mpirayo. Mu 2023 England inasankha Jonny Bairstow chifukwa cha bati, n'kusiya Ben Foakes amene ambiri amati ndiye waluso pa magolovesi. Bairstow anamenyadi 78 ku Edgbaston ndi 99 osatuluka ku Old Trafford, koma anaphonyanso mipata ingapo m'ma Test oyambirira, ndipo England inagonja awiri oyamba kwa Australia. Woponya mpira wozungulira ngati Keshav Maharaj, mwana wa kuno ku Durban, amafuna wiketikipa woima pafupi ndi timitengo, wotha kuwerenga mpira usanadumphe. Akasowa wotero, amene amaoneka wolephera m'mabuku ndi woponyayo. Rani yopulumutsidwa ndi yofanana mtengo ndi rani yomenyedwa, kungoti palibe amene akuilemba.

3. Mawu akuti avareji ya ligi sakunena chinthu chimodzi. Tikaphatikiza osewera onse a ma Test, oponya omwe, avareji imazungulira pa 30. Tikatenga omenya asanu ndi mmodzi oyambirira okha, imakwera ndithu. Boucher anasewera ma Test 147, napeza marani 5,515 pa avareji ya 30.30. Pa muyeso woyambawo ndi munthu wapakatikati, pa wachiwiriwo ndi wotsalira, ndipo wofuna kumusunga kapena kumuchotsa angosankha umene ukumukomera. Malo olowera nawonso amasintha nambala. Wolowa wachisanu ndi chiwiri nthawi zambiri amamenya limodzi ndi oponya amene angatuluke nthawi iliyonse, choncho amakakamizika kuthamangira marani kapena kutchingira mnzake. Avareji siidziwanso kulemera kwa nthawi. Mu Malichi 2006 ku Wanderers, South Africa ikuthamangitsa 434 ya Australia, Boucher anamenya 50 osatuluka ndipo ndiye anamenya mpira wopambanitsa. Mu Malichi 2003 pa Kingsmead, m'chikho cha dziko lonse, anamenya 45 osatuluka polimbana ndi Sri Lanka, koma mvula itasokoneza masewero, mawerengedwe a marani ofunika anamveka molakwika, iye n'kungotchinga mpira womaliza pamene pankafunika rani imodzi. Masewero anatha mofanana, South Africa n'kutuluka mu mpikisano. M'mabuku a avareji masiku awiriwa ndi ofanana.

4. Funso la osankha timu ndi lakuti ndani angalowe m'malo mwake. Palibe kochi wa mpira wa miyendo amene amachotsa goloboyi poona kuti zigoli zake n'zochepera pa avareji ya ligi, chifukwa akamuchotsa payenera kuima goloboyi wina. Pa kiriketi ndi chimodzimodzi: timu siingalowe m'bwalo popanda wovala magolovesi. Omenya ambiri amene amapanga avareji ya ligi sangathe kuima kumbuyo kwa timitengo tsiku lathunthu, choncho kuyerekeza wiketikipa ndi iwo ndi kumuyerekeza ndi anthu amene sangatenge malo ake. A baseball, eni ake a muyeso wa 100 uja, anazindikira zimenezi. Powerengera phindu lonse la wosewera amawonjezera kapena kuchotsera malinga ndi malo amene amaima, ndipo catcher ndiye amawonjezeredwa kuposa ena onse. Yadier Molina anasewerera St. Louis Cardinals kuyambira 2004 mpaka 2022, kumenya kwake konse kuli pansi pang'ono pa 100, koma analandira mphotho ya Gold Glove kasanu ndi kanayi, ndipo timu yake inatenga naye chikho mu 2006 ndi 2011. Mu 2022 Martín Maldonado wa Houston Astros anali ndi avareji ya baseball ya .186 pamene ya ligi inali .243, koma timuyo inamusunga, n'kutenga chikho chaka chomwecho.

5. Nambala zimabadwa mu mwayi, ndipo mwayi sugawidwa mofanana. Tsolekile anasewera ma Test atatu okha, namenya maulendo asanu. Palibe avareji imene ingaweruze munthu pa maulendo asanu. Jacques Kallis anayamba ma Test pa Kingsmead pomwepa mu Disembala 1995, napeza rani imodzi, ndipo masewero ake oyambirira anali ovuta. Anamupirira, ndipo anamaliza ndi marani 13,289 pa avareji ya 55.37. Boucher atavulala mu 2012, Tsolekile anaitanidwa m'gulu, koma magolovesi anapitanso kwa de Villiers ndipo iye sanasewere. Mu 2021 nkhaniyi inafika pa bwalo lomva madandaulo a tsankho limene bungwe la Cricket South Africa linakhazikitsa, lotsogoleredwa ndi Dumisa Ntsebeza. Mu 2022 oweruza oima paokha anapeza kuti panalibe umboni wakuti Graeme Smith, kaputeni wa nthawiyo, anamusala Tsolekile chifukwa cha khungu. Chigamulocho chiyenera kulemekezedwa, koma phunziro lilipobe: mawu akuti tikufuna bati yamphamvu angathenso kutseka khomo. Luso lomenya limakula pamene pali maneti, zida ndi mabwalo osamalidwa, monga pa Durban High School, sukulu imene inaphunzitsa Barry Richards, Lance Klusener ndi Hashim Amla. Mwana wa ku Umlazi kapena KwaMashu angakhale ndi manja achangu kalekale asanapeze bwalo labwino lophunzirirapo kumenya. Muyeso woyang'ana bati yokha umamutaya asanafike.

Kuweruza

Mbali yovomereza yapambana pa mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti nambala ya wosewera iyenera kuwerengedwa pamodzi ndi ya nyengo yake ndi mabwalo ake. Popanda kutero sitingayerekeze Lindsay ndi de Kock, kapena wosewerera ku Kingsmead ndi wosewerera pa bwalo lokomera omenya. Yachiwiri ndi yakuti masiku a wiketikipa wosatha kumenya anatha. Zimene Gilchrist anachita sizingafafanizidwe, ndipo kochi wosauza ana zimenezi akuwalakwira.

Mbali yotsutsa nayo yapambana pa mfundo ziwiri, ndipo zake n'zolemera kwambiri. Muyeso umene suwerenga mpira wogwetsedwa sungagamule za munthu amene ntchito yake yoyamba ndi kuwakha. Ndiponso malo a wiketikipa angatengedwe ndi wiketikipa mnzake yekha, choncho amene ayenera kuyerekezedwa naye pomaliza ndi ameneyo. Komabe otsutsa asamathamangire ku nambala za magolovesi ngati kuti izo n'zangwiro. Boucher anatulutsa anthu 555 m'ma Test, kuposa wiketikipa wina aliyense, koma ankawakha mipira ya Allan Donald, Shaun Pollock, Makhaya Ntini ndi Dale Steyn. Wiketikipa waluso lomwelo m'timu ya oponya ofooka sakanafika pamenepo. Nkhani ya kutopa nayo siigwira aliyense mofanana, popeza de Villiers anali ndi avareji yopitirira 50 m'ma Test amene anavala magolovesi. Pa nkhani ya tsankho mbali zonse zanena zoona: diso la kochi lingathe kukondera, nambala nayonso ingathe kugwiritsidwa ntchito mokondera.

Chigamulo changa n'chakuti mutu wa mtsutsowu, monga waikidwira, ukugwa. Ukugwa pa mawu akuti ntchito ya magolovesi isamuchepetsere muyeso. Avareji ya ligi ndi poyambira pabwino, koma si pomalizira. Osankha timu ayambe ndi iyo kuti adziwe ngati nyengoyo inali yokomera omenya kapena oponya. Akatero ayerekeze wiketikipa ndi anzake a magolovesi ndiponso ndi ena olowa pa malo amene iye amalowa. Kenako afunse za mipata imene anaphonya ndi marani amene anadutsa pakati pa manja ake. Ndipo asaweruze munthu pa maulendo asanu.

Kulemera kwa mfundozi kumasintha ndi mtundu wa masewero. Mu T20 mbali yovomereza ili pafupi ndi choonadi, chifukwa mipira ndi yochepa ndipo bati ndiyo imagamula zambiri. Mu Test ya masiku asanu, mpata umodzi wophonyedwa ungadye marani oposa onse amene wiketikipa angabweze ndi bati. South Africa inatenga chikho cha dziko lonse cha ma Test ku Lord's mu Juni 2025 ili ndi Kyle Verreynne kumbuyo kwa timitengo, munthu amene avareji yake inali yocheperapo pa ya de Kock, koma amene anapatsidwa nthawi yokhazikika pa ntchitoyo.

Nkhaniyi ikutikhudzanso kwathu ku Malawi, kumene timu ya dziko ya amuna inayamba masewero ovomerezeka a T20 mu Novembala 2019 polimbana ndi Mozambique, ndipo osewera ndi ochepa. Kumene anthu ndi ochepa, chiyeso chopereka magolovesi kwa womenya wabwino aliyense chimakula, ndipo nthawi zina palibedi njira ina. Koma chilipo chimene kalabu iliyonse, ya ku Blantyre, ya ku Lilongwe kapena ya kuno ku Durban, ingachite popanda kuwononga ndalama. Wolemba marani awonjezere mzere umodzi m'buku lake, wolembamo mpira uliwonse umene wiketikipa anayenera kuwakha koma anagwetsa, ndi marani amene womenyayo anawonjezera pambuyo pake. Pakutha pa nyengo, osankha timu adzakhala ndi nambala ziwiri m'malo mwa imodzi. Mpaka nambala yachiwiriyo itayamba kulembedwa, palibe wiketikipa amene ayenera kutaya malo ake chifukwa cha avareji ya ligi yokha.